Chitseko Chotsekera Kunja

Bambo anga anaikidwa m'manda Lachinayi, ndipo ine sindinalire. Kuyesa ndinayesa. Ndinakhala pamkeka pakati pa azimayi, jeneza lonyamulira maliro likutuluka pachipata, azakhali akudzigwetsa pansi, koma m'maso mwanga munali mouma gwa. Chimene chinkandizungulira m'mutu n'chakuti wina anali atavala mapatapata anga obiriwira amene ndinavula pakhomo. Anthu ankanong'onezana kuti mwana wa a Chande ndi wolimba mtima, si wapolisi nanga. Sikunali kulimba mtima ayi. M'katimu munalibe kanthu basi.

Lolemba, ndisanabwerere ku Kasungu kumene ndimagwira ntchito yofufuza milandu, ndinamva pamjigo kuti chitseko cha bungwe chinabedwa, ndipo a Paison, mnzawo wa bambo, ali m'selo kuyambira Loweruka. Kunyumba kwathu palibe anali atatchulapo.

Kuseri kwa nyumba yathu kumadutsa njira yakale yochokera kumtunda kutsikira kunyanja. Lero ndi kanjira ka njinga ndi mbuzi, koma makedzana ndi mmene munkadutsa minyanga ya njovu ndi anthu omangidwa m'khosi. Bambo ndi anzawo anayambitsa bungwe losamala njirayo. Dzina lake lenileni ndi lalitali, limakwana pachikwangwani pokha, ndiye anthu amangoti a Njira Yakale. Amalambula udzu, amapaka laimu mitengo ya mango ya m'mbali, amakangana ndi alimi a mpunga amene chaka ndi chaka amaidya njirayo pang'onopang'ono ndi khasu. Chuma chawo chonse chinali m'kachipinda ka malata pafupi ndi mkuyu: mikanda, mphika wosweka, ndi chitseko.

Chitsekocho chinali cha nyumba ya wamalonda wina wamakedzana imene inagwa kalekale. Chinali chakuda, chopapatiza, cholemera, chosemedwa maluwa mbali imodzi. Chitsulo chotsekera chinali kunja kokha. Bambo ankachipaka mafuta a nsatsi mwezi ndi mwezi, mpaka mayi anachitcha mkazi mnzawo.

Ndinasiya ndowa pamjigo pomwepo. Si kuti ndinakwiya kapena kumva chisoni. Kungoti ntchito ndi chinthu chokhacho chimene thupi langa linkakumbukira kuchita.

*

A Grey, mphunzitsi wopuma amene anatenga mpando wa bambo m'bungwemo, ndinawapeza pakhomo pa kachipindako atagwira m'chiuno. Ndi munthu woti akamayankhula amayang'ana pamwamba pa mutu wako, ngati kumbuyo kwako kuli kalasi yonse.

"Ofesala, pepani ndi zovutazi, koma nkhaniyi ndi siriyasi. Taonani loko. Sanathyoledwe. Kiyi ndi mmodzi, amasunga ndi Paison. Nanga pamenepa pakufunikanso digiri?"

"Munachiona liti komaliza?"

"Lachitatu masana, uthenga wa maliro usanafike. Ndinabwera kudzachiyeza ndi tepi."

"Kuchiyeza chifukwa chiyani?"

Anakhosomola kaye. "Komiti inagwirizana kuti tichibwereketse kwa eni loji ina ya kugombe. Achiike polowera m'chipinda chodyera, alendo azichiona, azijambula, azifunsa za njira yathu. Muno chimaonedwa ndi abuluzi okha, ofesala. Njira imene anthu saidziwa imalimidwa mpunga. Galimoto inabwera Loweruka kudzachitenga, tinangopeza khoma."

"Bambo anavomera?"

"Bambo anu anali m'chipatala. Otsalafe tinavota."

Ndinalowa. Pakhoma panatsala malo oyera, aatali ngati munthu, pamene fumbi silinkafika. Pansi panalibe mzere wosonyeza kuti chinakokedwa. Chitseko chija mwamuna mmodzi sangachinyamule. Bambo ankachita kuitana anthu pofuna kungochitembenuza, ndipo a Paison ndi nkhalamba imene msana unapindika ndi nzimbe za ku Dwangwa. Ndiye kuti panali wachiwiri. Pawindo panali botolo la nsatsi, kansanza ka bambo kali pakamwa pake. Ndinaliyang'ana nthawi yaitali, kudikira kuti mwina mtima uchita kanthu. Sunachite.

"Mlandu ulowa liti?"

"Lachitatu likubwerali. Ndipo kuba zinthu zamakedzana ndi jele imeneyo, si za chindapusa."

*

A Paison anabwera kuno kuchokera kumpoto ali mnyamata, kudzadula nzimbe. Atapuma anamanga m'mbali mwa njira yakale, n'kukhala mnzawo wa bambo wa pabawo. Mmodzi wa kumzikiti, wina wa kutchalitchi, koma pobera nkhomo pabawo anali a mpingo umodzi. Anzanga a pasiteshoni anandilola kuwaona. Ndinawapeza atakhala pasimenti, mapazi atatupa ndi matenda awo a shuga.

"Mama Madina, mwabwera. Amayi ali uli kunyumba?"

"Munaba chitseko, bambo Paison?"

"Yayi."

"Kiyi munabwereketsa munthu?"

"Yayi. Kiyi sankachoka m'khosi muno." Anandionetsa mzere umene chingwe chinasiya pakhungu.

"Ndiye amene anatsegula ndinu."

Anayang'ana mapazi awo.

"Chili kuti?"

Ndafunsa akuba ambiri funso limeneli. Wakuba amayankha kuti sindikudziwa iwe usanamalize n'komwe. A Paison sananene zimenezo. Anapukusa mutu pang'onopang'ono n'kuti, "Mama, ine ndakalamba. Kundende nako kuli anthu."

"Lachinayi munali kuti?"

"Pamaliro a mnzanga, kulikonso kwina? M'mawa ndinathandiza kututa mabenchi ndi mikeka pangolo. Kumanda ndinaima kumbuyo, ife a tchalitchi timaima patali pachoko."

"Mabenchiwo munakatenga kuti?"

"Ena kumzikiti. Ena ku chipinda cha bungwe."

"Ngolo anayendetsa ndani?"

"A Fakiri, ang'ono awo a bambo anu." Atangotero anatseka pakamwa ngati munthu amene waluma mwala mumpunga. Kenako anandigwira dzanja. "Mwana wa mnzanga, bwererani ku Kasungu. Zisiyeni izi. Palibe munthu wandikakamiza."

Palibe amene anali atanena za kukakamiza. Anayambitsa okha.

*

Pobwerera ndinadzera njira yakale. Dzuwa linali paliwombo, mango onse atavala laimu mpaka m'chiuno. Panali pamene udzu unalambulidwa theka, chikwanje chinalekera pomwe bambo anayamba kudwala. Ndinadutsapo ngati ndikudutsa pamunda wa eni.

"Achemwali! Achemwali apolisi!"

Anali Faruku, kalipentala wa m'dera lathu, pensulo kukhutu, utuchi mpaka m'nsidze. Mnyamata ameneyu pakamwa pake sipapuma ngakhale mwezi wa Ramadani.

"Pepani ndi maliro, Mulungu awakhululukire bambo athu. Koma tandithandizeni, katundu wanuyu ndimutani? Mkazi wanga akukana kudutsa kuseri kuno. Kasitomala akabwera kudzafuna bedi, akangosuzumira, ulendo! Dzulo wina anasiya njinga yake."

Ananditengera kuseri kwa shedi. Pakhoma panatsamira matabwa aafupiaafupi a bulugama, opalidwa bwino.

"Ndi a chiyani?"

"Aa, si a manda a bambo anu nanga? A Shehe anandituma mamawa Lachinayi, ndinadula, ndinapala, ngakhale tiyi sindinamwe. Nditati ndinyamule, a Fakiri akuti siya, zakonzeka kale. Ine ndinati kaya, mwina agula kwina. Koma kalipentala wina kuno ndani? Uja wa kumsika amakhoma misomali ngati akupha njoka. Tsono thabwa lodulira manda silibwerera pampando, achemwali. Ndani angakhalire?"

Ife akazi sitipita kumanda, koma ndimadziwa mmene zimakhalira. Pansi pa dzenje amakumba kachipinda kam'mbali, amagonekamo munthu m'sanda yake, kenako amatseka ndi matabwa kuti dothi lisamugwere. Popanda chotsekera, maliro saikidwa.

Ndinagwira thabwa limodzi. Linali loyera, losakhudzapo dothi.

"Faruku, ndiye bambo anga anawatseka ndi chiyani?"

Anatsegula pakamwa. Kwa nthawi yoyamba chimudziwireni, simunatuluke mawu.

*

Kwa a Fakiri ndinayamba kuona chingwe cha zovala ndisanaone mwini nyumba. Panali kanzu yawo yoyera ya pamaliro, yochapidwa mpaka kutuwa, koma paphewa lamanja panatsala banga lakuda limene sopo analephera. Ndinaika mphuno. Linali fungo la manja a bambo.

A Fakiri anali pakhonde akusoka thumba la mpunga. Ndi munthu wamfupi, wa ndevu zosamalidwa, amene maliro aliwonse a m'banja mwathu amayendetsa ndi iwo.

"Bambo aang'ono, m'dzenje munatsika ndinu?"

"Ine ndi mwana wanga wamkulu. Bwanji?"

"Matabwa a Faruku ali kwa Faruku."

Singano inaima. "Astaghafirullah. Za kumanda si za akazi, Madina. Upolisi wako ukanausiya ku Kasungu."

"Ndinausiya, wanditsatira wokha." Ndinakhala pansi pafupi nawo, mwaulemu, miyendo nditapinda. "Ndinene ine, inu mungondikonza. M'mawa a Paison anatsegula chipinda kuti mutenge mabenchi. Munakulunga chitseko mumkeka, n'kuchiika pansi pa mabenchiwo. Tsiku la maliro ngolo yodzaza mikeka palibe amaifunsa. Munakachitsitsa m'dzenje okumba atapita kukamwa tiyi. Nthawi yotsitsa mtembo pamwamba amatambasula nsalu, ndiye khamu lonse linaona nsalu. Amene anaona chitseko ndi amene anali pansi pa nsaluyo."

"Nthano yabwino. Umboni?"

"Kanzu yanu ikununkha nsatsi."

Anayang'ana kuchingwe, kenako anaika thumba pansi. Mawu awo anatsika.

"Ukudziwa chimene ukufuna iwe? Ukakanena, akhoti adzalamula kuti afukule. Wallahi, mkulu wanga amufukule ngati chinangwa, Grey ataima pambali ndi tepi yake! Munthu tinamusambitsa, tinamuswalira, tinamugoneka bwinobwino kuyang'ana ku Kibla. Ndi zimene wabwerera?"

"A Paison ali pasimenti, mapazi atupa. Lachitatu alowa m'khoti."

"Paison analumbira yekha. Ndi mwamuna."

"Inu muli pakhonde."

Tambala anadutsa pakati pathu, n'kujompha njere ya mpunga pafupi ndi phazi lawo.

"Anakutumani ndani, bambo aang'ono?"

"Kafunse mayi ako," anatero potsiriza. "Koma za Paison usawauze. Munthu wa pa eda sasenzetsedwa nkhani. Tawabisira tonse."

Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Mwambi umenewu ndauzapo anthu ambiri mu ofesi yanga, ndikuwaseka mumtima pamene akubisa m'bale wawo. Tsopano khoswe anali wathu, mkhate wathunso.

*

Mayi anali m'chipinda chamkati, m'nsalu zoyera za eda. Mkazi wamasiye kwathu amakhala m'nyumba miyezi inayi ndi masiku ake, osadzola, osapita kumsika, osaponda kunja kwa mpanda. Pa anthu onse a m'tauni muno, iwo okha ndi amene palibe akanawaganizira. Anali ndi lichero pamiyendo, akusankha timiyala mumpunga.

"Mayi, chitseko chili kumanda."

Sanadzutse mutu. "Eya."

"Munalamula ndinu."

"Ndinapereka uthenga. Tseka chitseko icho, ukhale pansi."

Ndinatseka, ndinakhala.

"Bambo ako ankauza alendo nkhani zonse za njira ija," anatero. "Za njovu, za mikanda, za amene anadzala mango. Imodzi yokha sankanena. Agogo awo a agogo ako anatsika njira imeneyi ali kamtsikana, chingwe m'khosi. Dzina lawo linatsala kumtunda, palibe akulidziwa. Anawatsekera kuseri kwa chitseko chimenechi kudikira chombo. Chombo chinawasiya chifukwa anadwala, ndipo inu nonse munatuluka mwa iwo. Kuno munthu sanena zimenezo, ukudziwa. Ana ako angamatchedwe dzina pamjigo."

Anatola kamwala n'kukaponya pakona.

"Unaonapo mbali yosasemedwa ija, m'munsi? Timizere tija si chiswe. Ndi zikhadabo za amene ankatsekeredwamo."

Ndinatikumbukira. Bambo akamapaka mafuta, maluwa a kutsogolo ankawapukuta msangamsanga, akucheza. Akafika kuseri, m'munsi, ankagwada, n'kumayendetsa chala pang'onopang'ono, osayankhula. Ndili mwana ndinkaganiza kuti pamenepo ndi povuta kulowa mafuta.

"Atamva m'chipatala kuti akufuna kuchiika poti mabwana azidutsa popita kukadya chambo, anatiitana, ine ndi Paison ndi Fakiri. Anandigwira dzanja. Anati, Rahila, chitseko chija chinatsekera anthu ambiri asakufuna. Chitsekere ine amene ndafuna, ndipo chithere pomwepo." Mayi anagwedeza lichero. "Ndikanakana bwanji? Zaka zonsezi ndinkapikisana nacho. Mkazi mnzanga ndinamupereka ndekha."

Ndinkadziwa bwino lomwe pamene ndaima. Ndikatseka pakamwa, Lachitatu a Paison apita kundende, ndipo ndi shuga wawo uja sadzatulukako akuyenda okha. Ndikayankhula, makasu abwerera pa bambo. Ndinadikira kuti chimodzi chindipweteke kuposa chinzake, kuti ndidziwe kolowera. Zonse ziwiri zinali chimodzimodzi, zozizira ngati simenti ya m'mawa. Ndiye ndinachita zimene ndimachita kuntchito ndikasowa nzeru, kunena zimene zilipo.

"Mayi, a Paison anamangidwa."

Lichero linaima.

"Liti?"

"Loweruka. A Grey anapeza loko wosathyoka."

"Loweruka." Anayang'ana chitseko cha chipinda chawo, chimene azakhali ndi a Fakiri akhala akulowa ndi kutuluka, kubweretsa tiyi ndi madua, mapemphero achitonthozo. "Ndiye ine ndakhala muno ndikusankha mpunga. Iyeyo akuti chiyani?"

"Akuti sanabe. Kwinako ali chete. Akuti kundende nako kuli anthu."

"Chitsiru cha munthu," anatero motsitsa, ngati akutchula mwana wawo. Anaika lichero pabedi. "Bambo ako anapempha chitseko. Sanapemphe munthu."

Anaimirira, n'kumanga bwino nsalu yoyera m'chiuno, ina kumutu.

"Mayi, muli pa eda. Simungatuluke."

"Mulungu akudziwa kumene ndikupita."

"Mukakanena, akhoza kufukula. Ndipo tauni yonse imva za agogo aja."

"Imve. Anakhala opanda dzina nthawi yaitali, asakhalenso opanda nkhani." Manja awo ankamangabe mpango. "Akafukula ndidzalira kachiwiri, maso ndili nawo. Bambo ako sakumva makasu, Madina. Paison akumva simenti."

Anawerama n'kusolola nsapato pansi pa bedi. Anali mapatapata obiriwira.

"Ndi ako awa? Ndinawavala tsiku lija, anga sindinawaone. Undibwereke."

Azakhali anali pabwalo akutsuka mbale. Ataona nsalu yoyera ikudutsa, mbale inagwa. "Alamu! Mukupita kuti? Astaghafirullah, alamu!" Mayi sanatembenuke. Sanadzere kuchipata cha kumsewu ayi. Anatsegula kachitseko ka kuseri kwa mpanda, kamene bambo ankatulukira m'mawa uliwonse ndi chikwanje, n'kulowa m'njira yakale, kutsikira kumunsi.

Ndinawatsatira wopanda nsapato. Mchenga unali wotentha, ndipo ndinadabwa kuti ndikuumva. Patsogolo panga mapatapata anga ankalira phya, phya, pa zidendene za mayi. Titafika pa mango woyamba ndinaona laimu pafupi, mizere ya burashi yopita m'mwamba, yosafika bwino pamene bambo ankalephera kutambasula dzanja. Ndinakhala pansi pakati pa njira, ndipo zonse zimene zinakana kubwera Lachinayi zinabwera pamenepo, ndi mamina omwe. Ndinawafuna bambo anga. Ndinawafuna kwambiri moti ndinalephera kupuma.

Mayi sanaime. Anangoyankhula osacheuka.

"Lira, mwanangu, unachedwa. Ukatha undipeza kupolisi."